Sipota Si Sapota

Ikani zitsulozo pansi kaye. Inunso kumapeto uko, amene mwatseka makutu ndi timawaya, tichotseni. Mzungu wanuyo sathawa, mumupeza mufoni momwemo. Eni malo ano andipatsa kanthawi kuti ndiyankhule nanu musanayambe kutuluka thukuta. Sindinabwere ku Balaka kuno kudzakuphunzitsani kukuza mapewa, iyayi. Ndabwera kudzakuuzani zimene ndinawachita alamu anga.

Ine ndine Lusiyano, kwathu ndi ku Nkaya, pamphambano ya njanji paja. Ntchito yanga ndi yokonza njinga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndipo Chingerezi changa chinali chotola: pang'ono pa wailesi akamaulutsa mpira, pang'ono pa mapaketi a mankhwala, pang'ono kwa anthu odikira sitima. Chinali chochepa, koma pakati pa anzanga chinkaoneka chambiri. Munthu akalandira meseji yachizungu pafoni ankathamangira kwa ine. Anandipatsa dzina loti a Dikishonale, ndipo ndikuuzeni zoona, dzina limenelo ndinkalikonda kuposa limene anandipatsa mayi anga.

Zonyamula zitsulo tinayamba anthu atatu kuseri kwa chigayo cha pa Nkaya. Mtanda wake unali ekiselo ya lole yakufa. Mbali ndi mbali tinkaika zitini za penti zothira simenti, kenako tinapeza magudumu achitsulo a injini yakale ya chigayocho. Benchi lathu linali thabwa losanjika pa njerwa, ndipo potsamiza chitsulo panali mphanda ziwiri zamtengo zozika pansi. Mphunzitsi tinalibe. Tinali ndi foni yanga yokha, ya galasi losweka pakona, ndi mzungu wina wadazi wa m'makanema amene ankayankhula mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Iye ankanena, ine n'kumamasulira.

Mzungu akati "train hard", ine ndinkauza anzanga kuti akuti tikhale ngati sitima, yosabwerera m'mbuyo. Nanga pa Nkaya alipo amene sadziwa kuti train ndi sitima? Akati "kill it", ndinkati akuti chitsulocho muchiphe. Akati "deadlift", ndinkati umenewo ndiye kanyamulidwe ka maliro kwa azungu. Anzanga anaseka, kupatula mwini chigayo, bambo wachikulire amene ankationerera atakhala pa thumba la madeya. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ana inu, masewero otchula maliro masana dzuwa likuswa mtengo ndi malodza." Ifenso tinamuseka.

Choopsa n'chakuti zina ndinkalasa. "No pain, no gain" ndinamasulira bwinobwino, ndipo minofu inayambadi kutuluka. Ukalasa kamodzi, anthu amakukhulupirira kakhumi. Pa miyezi yonse ija sindinanenepo ngakhale tsiku limodzi kuti apa sindinamve. Mawu akandidutsa ndinkagwedeza mutu, n'kupeka anga, n'kuwanena mokweza.

Tsopano ndikuuzeni za alamu anga, Che Amidu. Anakwatira achemwali anga a Rozina. Kwawo ndi kwa Kawinga, koma anakhazikika ku Nkaya chifukwa cha geni ya nsomba zouma. Ife kwathu ndife Akatolika, iwo ndi Asilamu, ndipo paukwati pawo panali mawu ambiri, koma munthuyo anatigonjetsa ndi ulemu. Pa mzikiti wathu waung'ono iwo ndiwo anali mwazini, uja amaitana anthu kuti nthawi ya swala, pemphero lawo, yakwana. Mzikitiwo unalibe chimkuzamawu, ndipo sunkachifuna. Che Amidu akaima pakhonde n'kuika zala m'makutu, mawu awo ankadumpha njanji zonse, ndipo ena ankati mphepo ikawomba bwino ankamveka mpaka cha ku Rivirivi. Ngakhale ife Akhristu tinkadziwira pomwepo kuti nthawi ili bwanji.

Ndine amene ndinawakokera kuseri kwa chigayo. Anali asanaganizepo za zitsulo. Ndinawauza kuti, "Alamu, mzungu akuti chifuwa chikakula, mpweya umachuluka. Mawu anuwa adzafika mpaka ku Utale." Mzungu sananene zimenezo. Ndinangofuna kuti munthu wolemekezeka ngati iwo azioneka pa gulu langa.

Anabwera, ndipo anazikonda. Anali munthu wosachita zinthu mwatheka.

Tsiku lina mzungu uja ankaphunzitsa zokankha chitsulo utagona chagada pabenchi. Ananena chiganizo chimodzi katatu, atalozetsa chala pa kamera: "Never go to failure without a spotter." Mawu oti failure ndinkawadziwa bwino, anali atadzaza pa malipoti anga akusukulu. Ndinamva kuti akutanthauza kukankha mpaka manja akanike, ndipo pamenepo ndinalasa. Koma liwu lomaliza lija linali lachilendo. M'khutu mwanga linamveka kuti sipota. Ndinalitembenuza m'mutu, sipota, sipota, kenako ndinati aaa, sapota! Ochemerera aja a ku mpira. Ndinayang'ananso kanemayo, ndipo zoonadi kumutu kwa wonyamulayo kunali munthu wina ataima akukuwa, "Come on! Push!" Ndinaona pakamwa pake. Manja ake sindinawaone, anali pakona paja pamene galasi linasweka.

Ndinauza anzanga kuti, "Lamulo latsopano. Munthu asamakankhe chitsulo cholemera popanda masapota. Wina akagona pabenchi, enafe tiziima kumiyendo kwake kuti azitiona, tiziwomba m'manja, tizimupatsa moto."

Che Amidu okha ndi amene anakayika. "Alamu, mwamvetsa bwino pamenepo? Chifukwa munthuyo wabwereza katatu, ndipo nkhope yake sikuseka. Bwanji tikawafunse aphunzitsi aja a kusekondale, a Mayi Nasibeko? Amagula usipa kwa ine Loweruka lililonse."

Mukudziwa mmene ndinayankhira? Ndinati, "Aphunzitsi amadziwa Chingerezi cha m'buku. Ichi n'cha zitsulo, alamu. Musiyireni Dikishonale."

Anati, "Basi, inu ndi amene mukudziwa."

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Che Amidu anabwera atangomaliza swala ya masana, anavula mkanjo n'kuupachika pa msomali wa chigayo. Tsiku limenelo tinaika magudumu onse awiri ndi zitini zomwe, kulemera kwake kuposa thumba ndi theka la chimanga. Anali asanakankhepo zotere. Anagona pathabwa, ananena Bisimila, ife atatu tinaima kumiyendo kwawo monga mwa lamulo langa. Kumutu kunalibe munthu.

Kamodzi, chinakwera. Kawiri, chinakwera. Kachitatu chinakwera monjenjemera. Nthawi yomweyo sitima yamalasha inayamba kudutsa, yaitali ija yosatha, nthaka yonse n'kumagwedezeka. Ine ndinakuwa, "Kamodzi kena, alamu! Mpaka failure!" Anachitsitsa pachifuwa. Chinakwera pang'ono, n'kuima. Kenako chinabwerera, n'kugubuduzika kuchoka pachifuwa kupita pakhosi.

Mundimvetse bwino apa, chifukwa ndi pamene pamandilanda tulo. Sitinathamange. Tinkaganiza kuti akulimbana nacho. Miyendo yawo inkapalasa pansi, ife n'kumati ndi mphamvu. Tinapitiriza kuwomba m'manja. "Kankhani! Kankhani!" Sitima inkaphokosera, ifenso tinkaphokosera, ndipo ngati anayesa kuitana, palibe anamva. Amene anadumpha ndi mwini chigayo uja, bambo wa zaka zake, ali mbuu ndi ufa. Anatikankha n'kugwira mbali imodzi ya ekiselo akukuwa kuti, "Mukupha munthu, zitsiru inu!" Titachichotsa, nkhope ya alamu inali itada, maso ali tong'o, ndipo popuma ankalira ngati chubu chobooka.

Tinawakweza pa galimoto ya munthu wina wogula nandolo mpaka kuchipatala kuno ku boma. Kuno anangowaona n'kuwaika mu ambulansi kupita kuchipatala chachikulu. Kumeneko anawaboola pakhosi n'kuikapo kapaipi kopumira, kena anakalowetsa m'mphuno kodyetsera. Anatiuza kuti kholingo lathyoka. Achemwali anandifunsa pakhonde kuti chachitika n'chiyani, ndipo ndinati, "Chitsulo chinaterereka. Ngozi basi, palibe akanachitapo kanthu." Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira ndithu kuti ndikunena zoona.

Tsiku lachitatu kunabwera mnyamata wamkulu thupi, wa ntchito yolimbitsa odwala mafupa ndi minofu. Ndinangoona mapewa ake n'kudziwa kuti nayenso ndi wa zitsulo. Ananditengera pambali.

"Achimwene, ndamva kuti munalipo. Sipota wake anali ndani?"

Ndinadzigunda pachifuwa. "Masapota tinalipo atatu."

"Atatu? Ndiye chinawagwera bwanji? Munaima pati?"

"Kumiyendo. Tikuwomba m'manja."

Anatulutsa foni yake, yagalasi labwinobwino, n'kundionetsa kanema wonga womwe uja. Anaika chala chake pa munthu woima kumutu. "Mukuona manja awa? Ali pansi pa chitsulo. Ameneyu sali pano kudzachemerera. Ntchito yake ndi kuwakha chitsulo manja a mnzake akakanika. Ndiye spotter ameneyo. Mukanaima apa, bwenzi bambo awa ali kwawo akugulitsa nsomba."

Sanandikalipire. Bola akanandimenya.

Sindinauze munthu. Ndinanamizira kuti ndasiya njinga za anthu zili pakati, ndinakwera minibasi n'kubwerera ku Nkaya. Kumeneko ndinapeza chinthu chimene sindinachiyembekezere. Dzuwa litapendeka, nthawi imene tonse tinazolowera kumva mawu aja, kunali zii. Anthu a pamsika ankadzutsa mitu n'kuyang'ana kumzikiti, kenako n'kuyang'ana ine. Kamkulu kena kanayesa kuitana, koma mawu ake sankadutsa ngakhale mpanda wa mzikitiwo. Kasanu pa tsiku, mudzi wonse unkakumbutsidwa.

Ndinayamba kachasu. Ndinali ndisanamwepo mowa wa mtundu umenewo, koma ndinauphunzira msanga kuposa Chingerezi. Ndinkayamba m'mawa, mashopu asanatsegule. Njinga za anthu zinachita dzimbiri pa shedi panga, eni ake ankabwera kudzazitenga zili zosakonza. Mkazi wanga anatenga ana n'kupita kwa amayi ake. Mphekesera zinayamba kuyenda zoti Che Amidu analodzedwa ndi mnzawo wa geni ya nsomba amene ankalimbirana naye malo pamsika, ndipo anyamata ena anafuna kukamugwetsera benchi lake. Ine ndinamva zonsezo, ndikudziwa kuti munthuyo ndi wosalakwa, ndipo ndinangoti phee n'kuitanitsa botolo lina. Ndinafika pamenepo, anzanga.

Patatha milungu iwiri achemwali anaimba foni. "Achimwene, mawa kukubwera dokotala wachizungu wa zapakhosi kudzawaona bambo a kunyumba. Ine Chingerezi ndilibe. Wathu wa Chingerezi ndi inu. Bwerani."

Ndinapita, mutu ukuwawa, m'kamwa mukununkha. Alamu anali ataonda, maso okha ndi amene ankayenda. Atandiona anakweza dzanja kundipatsa moni, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Achemwali anali ndi fulasiki ya phala la mpunga pambali pa bedi. Anati, "Milungu iwiri munthu akudyera m'mphuno ngati si munthu. Lero akangolola, ndiwamwetsa ndekha."

Dokotala anabwera cha m'ma teni, mayi wamtali wa tsitsi loyera. Namwino amene ankayenda naye anaitanidwa mwadzidzidzi ku bedi lina kumene wodwala ankakomoka, ndiye tinatsala ife. Dokotala anaunika pakhosi, anawerenga mapepala, kenako anandiyang'ana. "You speak English?"

Pakamwa panga panayankha pasanandifunse. "Yes, madam."

Anayankhula zambiri. Ndinatolapo ziwiri. Anati, "He is not out of the woods yet." Ndinaganiza kuti nkhalango ikubweramo bwanji muno, kapena akunena za mankhwala a zitsamba. Kenako, akutseka faelo, ananena pang'onopang'ono, akuloza pakamwa pa alamu: "Nil by mouth. Okay?" Ine ndinamva kuti meal by mouth. Meal, chakudya. Mouth, pakamwa. Ndinagwedeza mutu. "Yes, madam." Anamwetulira n'kupita ku bedi lotsatira.

Achemwali anandigwira mkono. "Akuti chiyani?"

Yankho linali kale palilime: akuti adye, chakudya chizidzera pakamwa. Ndinali nditatsegula kale kukamwa. Achemwali anaona nkhope yanga ikuoneka ngati ya uthenga wabwino, ndipo anayamba kupotokola chivindikiro cha fulasiki. Ndinamva kafungo ka phala. Anathira mu kapu, anatenga supuni, anayamba kuuzira kuti lizizire. Alamu ankandiyang'ana ine, osati phalalo. Ankandiyang'ana ndi maso omwe aja a tsiku limene anati, basi, inu ndi amene mukudziwa.

Sindikudziwa kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji. Mumtima mwanga munali mawu awiri akukangana. Ena ankati, wamva bwino, meal ndi meal, ukufuna uchite manyazi pamaso pa wodi yonse? Ena ankangofunsa kuti, nanga tsiku lija sunamve bwino? Supuni inali itanyamuka kale.

Ndinagwira dzanja la achemwali. Phala linatayikira pa bulangete.

"Dikirani. Sindinamve."

"Mwati bwanji?"

"Sindinamve zimene anena, achemwali. Ndangoyankha yes. Sindikudziwa."

Mawu amenewo anandiwawa potuluka kuposa kachasu polowa. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo kanali koyamba kuwanena. Ndinathamanga wodi yonse kusaka namwino uja, ndinamupeza akusamba m'manja, ndinamuchonderera kuti abwere. Anawerenga faelo, anaona kapu ya phala, ndipo nkhope yake inasintha.

"Mwawapatsa?"

"Iyayi."

"Ngakhale kadontho?"

"Iyayi."

Anapumira m'mwamba. "Apa alemba kuti nil. Ziro, ngati zigoli za mpira. Asalowe kanthu pakamwa, ngakhale madzi. Pakhosi pawo sipanayambe kutseka bwino pomeza. Phala ili likanapita m'mapapo, ndipo mmene alili bambowa sindikudziwa ngati tikanawabweza." Ndinamufunsanso za nkhalango ija. Anati ndi kayankhulidwe chabe, kutanthauza kuti ngozi sinathe, tisayambe kusangalala.

Namwino atachoka ndinagwada pansi pa simenti pambali pa bedi, ndipo ndinanena zonse. Za sipota ndi sapota. Za mpweya wochuluka umene mzungu sananene. Za aphunzitsi amene ndinakana kukawafunsa. Odwala a mabedi oyandikana anasiya kubuula n'kumamvetsera.

Achemwali anafunsa funso limodzi lokha. "Ndiye kuti chitsulo chili pakhosi pa amuna anga, inu munkawomba m'manja?"

"Eya."

Anatenga fulasiki yawo n'kutuluka panja. Alamu analoza katoni imene ankalembapo akafuna kanthu. Ndinawapatsa pamodzi ndi cholembera. Analemba nthawi yaitali, n'kunditembenuzira: "Munkadziwa kuti simukudziwa?"

Ndinafuna kunena kuti iyayi. Koma pansi pamtima ndinkakumbukira bwino mmene ndinalitembenuzira liwu lija m'mutu mpaka litafanana ndi limene ndinkalidziwa kale. Ndinati, "Eya, alamu." Anatseka maso n'kutembenukira kukhoma.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine phulalo sindinadye ndine, ndinadyetsa munthu wina, ndipo mwambiwo sunena kuti zikatero uzitani. Ndikuuzani zimene ndinachita ine, mwina wina zimuthandiza.

Nditabwerera ku Nkaya ndinayamba ndi kupita pamsika, masana anthu ali ambiri, n'kunena kuti wogulitsa nsomba uja amusiye, mfiti yake ndi ine ndi Chingerezi changa. Dzina la Dikishonale linafera pomwepo. Ena anayamba kunditchula kuti a Sapota, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa siteshoni pamakhala wina wowomba m'manja kumbuyo kwanga. Ndimangopitirira. Kachasu ndinasiya sabata yomweyo, osati chifukwa cha mphamvu zanga, koma chifukwa chimene ndinkamwera chinali chinsinsi, ndipo chinsinsicho chinali chitatha. Mkazi wanga anabwerera patapita miyezi iwiri, ataona kuti shedi yatsegulidwanso.

Kenako ndinapita kwa a Mayi Nasibeko, aphunzitsi omwe aja ndinawanyoza. Ndinawalembera liwu lija papepala n'kuwafunsa tanthauzo lake pa nkhani ya zitsulo. Anayang'ana, n'kunena kuti, "Limeneli sindikulidziwa. Tiyeni tifufuze." Munthu wa madigiri, wophunzitsa Fomu 4, akunena poyera kuti sakudziwa, ndipo denga silinagwe. Anatsegula buku lawo lalikulu la mawu, tinalipeza limodzi.

Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuti Chingerezi chili ndi zining'a ngati Chichewa chomwechi. Anati, "Mzungu atamva kuti a Lusiyano apsa mtima, akhoza kuthamangira ndowa ya madzi. Atamva kuti agogo atsamira mkono, akhoza kuwabweretsera pilo. Inunso mukamva kill it, musathamangire mpeni." Train ija si sitima yokha, ndi kuchitanso masewero olimbitsa thupi. Deadlift ilibe maliro, ndi kunyamula chitsulo chimene changokhala pansi osagwedezeka. Anandigulitsa kope, ndipo tsamba lililonse ndimaligawa patatu: mmene liwu limalembedwera, chimene ine ndikuganiza kuti likutanthauza, ndi chimene likutanthauzadi. Mukaona kope limenelo mungaseke. Mzere wapakati ndi wachitatu sizigwirizana kawirikawiri.

Anandionetsanso kabatani kamene kamatulutsa mawu olembedwa pansi pa kanema. Kali m'mafoni mwanu monsemo. Khutu lathu la Chichewa limakonza mawu achilendo kuti afanane ndi akwathu, ndipo limachita zimenezo osakuuzani. Diso silinama choncho. Liwu limene likukhudza thupi la munthu, kaya ndi la zitsulo, kaya ndi la mankhwala, sindilimasulira ndisanalione litalembedwa ndiponso ndisanafunse anthu awiri. Ndipo mzungu akabwereza chinthu katatu nkhope ili gwa, imitsani kanemayo.

Pa za benchi, mverani. Mnzanu akagona pansi pa chitsulo, malo anu ndi kumutu kwake. Miyendo yotangadza, manja onse awiri pansi pa mtanda, osaugwira koma osatalikira. Muziyang'ana chitsulo ndi nkhope yake, osati atsikana odutsa pamsewu. Mugwirizane asanayambe kuti akankha kangati. Chitsulo chikangoima panjira, musadikire kuti apemphe, chifukwa munthu amene chamupsinja pakhosi sapempha. Ndaona muno mmene mumachitira, ena mumajambula anzanu pafoni ali pansi pa magudumu anayi. Ndinakuonani inu a malaya ofiira, musayang'ane kumbali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwina mukufuna kudziwa za alamu. Anatuluka m'chipatala, kapaipi kaja anakachotsa, akudya ndi pakamwa, geni yawo akuchita. Koma mawu sanabwerere. Amayankhula monong'ona, ndipo akanena ziganizo zitatu amayamba kutsokomola. Pamsika amagogoda ndi kandodo pa tebulo kuti aitane kasitomala. Mzikiti unasonkha ndalama n'kugula chimkuzamawu, akuitana ndi munthu wina. Madokotala akuti mwina, koma akhala akunena mwina kwa zaka ziwiri tsopano. Achemwali anakhala miyezi isanu ndi itatu osandiyankhula. Alamu amandipatsa moni, amabweretsa njinga yawo kwa ine, timakhala limodzi pamaliro. Ngati anandikhululukira sindikudziwa. Ndaphunzira kufunsa mafunso ambiri, koma limenelo sindinalimbe nalo mtima.

Mwezi wathawu achemwali anachira, mwana wamkazi. Atatuluka kuchipatala anatuma uthenga kuti ndipite, ndipo ndinapita ndi sopo ndi kansalu. Kwa Asilamu kuli mwambo woti mwana akabadwa, mawu oyamba kulowa m'khutu lake akhale azana, kuitana komwe kuja kwa kumzikiti. Kuchipatala zinali zisanatheke, ndiye abale anasonkhana pabalaza. Amalume awo a alamu, ochokera kwa Kawinga, anadzipereka. "Che Amidu, musadzivute pakhosi. Ndichita ndine."

Alamu anapukusa mutu. Anatambasula manja, achemwali anawapatsa mwana.

Anaimirira n'kuyang'ana kumene amayang'ana poswali. Anakweza kamwanako mpaka khutu lake lakumanja linagunda milomo yawo. Ndinaona chifuwa chikudzaza mpweya, mitsempha ya m'khosi ikutupa mozungulira chipsera cha kapaipi kaja, chimodzimodzi mmene inkachitira pakhonde la mzikiti. Pakati anaima n'kutsokomola, amalume anasuntha kuti alandire mwana, koma iwo anawakaniza ndi chigongono n'kupitiriza. Mwana anali akulira, analeka. Achemwali ankalira mwakachetechete atatsamira chitseko.

Anamaliza azana yonse osadumpha liwu, ndinaona pa milomo yawo. Ine ndinali nditaima masitepe awiri okha kuchoka pamene anali, m'nyumba muli zii, ndipo sindinamve ngakhale limodzi.